LUSAKA ANGAONEDWE NDI NDALAMA ZOCEPA

Caka ndi caka, cimanga ndi nshawa zikagulitsidwa, anthu ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa amakwera basi kulinga ku Lusaka. Ena amapita kukazonda wodwala ku cipatala cacikulu ca UTH, ena kukatsatira za penshoni ku maofesi a boma, ena kukaonerera mwana wao akulandira digiri, ndipo ena kukagula katundu wa m'kantemba ku Kamwala. Koma pobwerera kumudzi, ana akawafunsa cimene anaona, ambiri amayankha mau awiri okha: magalimoto ndi anthu. Iwo amakhala atatsika pa siteshoni, nalowa m'komboni kwa wacibale, naturukamo tsiku lobwerera.

Cimene cimawamanga miyendo ndi mantha. Amaganiza kuti kuona mzinda ndi nkhani ya azungu odzaceza ndi anthu olemera, ndi kuti pa khomo liri lonse pali munthu wofuna ndalama. Zoona zake nzakuti zinthu zambiri zoyenera kuona mu Lusaka ziri pa mtetete, m'mbali mwa mseu, ndipo diso sililipira. Munthu amene walipira kale ulendo wa makilomita oposa 550 kucokera ku Chipata, nadutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, watha kale mbali yodula ya ulendowo. Cotsala ndi nsapato zabwino, masiku awiri, ndi kudziwa tanthauzo la cimene akuyang'ana.

MUDZI WA A LUSAAKA

Lusaka sanabadwe ali mzinda. Pamene njanji yocokera ku Livingstone inali kulinga kumpoto m'caka ca 1905, omanga anali kusiya malo opatukirana sitima pa mtunda uli wonse wa makilomita pafupifupi 30. Amodzi a malowo anagwa pafupi ndi mudzi wa mfumu ya Alenje, a Lusaaka, ndipo dzina linacokera pamenepo. Kwa zaka zambiri panali masitolo owerengeka, alimi a cizungu, pfumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja.

Likulu la Northern Rhodesia linali ku Livingstone, kumalire a kumwera, kutali ndi migodi ndiponso kotentha. Cotero boma la atsamunda linaitana katswiri wa kamangidwe ka mizinda wa ku London, Profesa Adshead, amene mu 1931 anajambula mzinda watsopano wa misewu yotakata ndi mitengo yambiri. Likulu linasamukira ku Lusaka mu 1935.

Pali cinthu cimodzi cimene mlendo ayenera kucigwira, pakuti cimamasulira zambiri zimene adzaona. Mzindawo anaujambulira anthu ocepa. Maofesi a boma ndi nyumba za azungu anaziika pa citunda kum'mawa kwa njanji, kumene amati Ridgeway, masitolo anatsala m'mbali mwa njanji, ndipo munthu wakuda anamuwerenga ngati wanchito wongodutsa, amene akatha mphamvu adzabwerera kwao. Lero mu Lusaka muli anthu oposa 2 miliyoni, ndipo oposa theka amakhala m'makomboni amene sanali pa pepala la Adshead. Nyumba za mzindawu zimasimba nkhani imeneyi kwa munthu wodziwa kuziwerenga.

TSIKU LOYAMBA: ULENDO WA PANSI

Mabasi a kum'mawa amatsitsa anthu pa siteshoni ya Intercity, pa mseu wa Dedan Kimathi. Kucokera pamenepo, tsidya lina la njanji kuli Cairo Road, mseu waukulu wa malonda, wotalika pafupifupi makilomita 2. Dzina lake ndi cotsalira ca maloto a atsamunda ofuna njira imodzi yocokera ku Cape Town kufika ku Cairo. Pakati pa mseuwu pali mzere wa mitengo pamene woyenda pansi angapeze mthunzi. M'mbali muli Positi Ofesi yaikulu, Bank of Zambia, ndi Society House, nyumba yosanja imene inapsa ndi moto mu 1997, nikhala bwinja zaka zambiri isanakonzedwenso. Pakati pa nyumba zazitali pakali timasitolo takale ta denga la malata ndi khonde lotakata, totsala kucokera masiku amene Lusaka anali tauni ya alimi.

Kumapeto a kumwera kwa Cairo Road kuli Findeco House, imene kwa zaka zambiri inali nyumba yaitali koposa m'dziko lonse. Iri ndi nsanjika 23, ndipo kutalika kwake ndi mamita 90. Inamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi akatswiri a ku Yugoslavia. Mlendo aime patali pang'ono ndi kuyang'ana tsinde lake. Adzaona kuti nyumbayi njopapatiza pansi ndipo imatambasuka pamwamba, monga nkhokwe yoimikidwa pa mwendo umodzi. Mphamvu yake iri m'cipilala ca konkire cimene cikukwera pakati, ndipo nsanjika zonse zakoloweka pa ico, monga nthambi pa thunthu la mtengo. Nyumbayi ndi mwana wa nthawi imene dziko linali kudalira ndalama za mkuwa. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pa Findeco mzinda sunaonenso nyumba yonga imeneyo.

Kucokera pa Findeco, mseu wa Independence Avenue umalumpha njanji pa mlatho ndi kulinga kum'mawa. Posakhalitsa woyenda amafika pa Cifanizo ca Ufulu, munthu wokweza manja atadula maunyolo. Cinavumbulutsidwa mu October 1974, pamene dziko linali kukondwerera zaka 10 za ufulu, ndipo cimakumbutsa a Zanco Mpundu Mutembo pamodzi ndi onse amene anamangidwa kapena kufa pomenyera ufulu. Ambiri anaciona koyamba pa ndalama za pepala. Kuima pansi pake ndi kwaulere, ndipo pa masiku a cikumbutso atsogoleri amadzaika nkhata za maluwa pamenepo.

Pafupi pomwepo pali Lusaka National Museum, nyumba yosungiramo zakale, imene inatsegulidwa mu 1996. Pano pali kulipira pakhomo, koma nzika ya Zambia imalipira zocepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wa kunja, ndipo ana amalipira zoceperapo. Pansi pali zojambula ndi zosema za amisiri a masiku ano. Pamwamba pali mbiri ya dziko, zipangizo za makolo, ng'oma, misampha, mitondo, zithumwa, ndi zithunzi za nkhondo ya ufulu. Munthu wa kumudzi angaseke poona lichero ndi mphika zitatsekeredwa m'galasi, koma akumbukire kuti mu Lusaka muli ana ambiri amene sanaonepo mai akupeta.

Mseu ukakwera citunda, mlendo amafika pa chalichi cacikulu ca Anglican, Cathedral of the Holy Cross, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Kunja cimaoneka ca konkire wosapaka utoto, ndipo wina angaciyese cosatha. Ubwino wake uli m'kati. Makoma ndi atali zedi, ndipo mazenera ake aatali, opapatiza, ali ndi magalasi a mitundu yosiyanasiyana, kotero kuti dzuwa likawomba, kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwacikasu kumagwera pansi ndi pa mipando. Mapemphero ambiri a dziko lonse amacitikira muno, ndipo mwambo wa maliro a Dr Kenneth Kaunda unacitikira muno mu July 2021. Wofuna kulowa apemphe kwa osunga malo, avule cisoti, ndipo asasokoneze opemphera.

M'dera lomweli muli makhoti akulu a dziko, pamene a Michael Sata analumbirira udindo wao mu 2011, ndiponso Cabinet Office, yocokera m'masiku a atsamunda. Moyang'anana nayo muli Embassy Park, manda a atsogoleri a dziko. Pamenepa pagona a Levy Mwanawasa amene anamwalira mu 2008, a Frederick Chiluba mu 2011, a Michael Sata mu 2014, a Kenneth Kaunda mu 2021 ndi a Rupiah Banda mu 2022. Ciliza ca a Mwanawasa cinamangidwa monga mpando wa cifumu wa miyendo inai, pakuti anamwalira ali pa mpando. Ca a Chiluba cikufanana ndi kachalichi ka mizati 10, kukumbutsa zaka 10 za ulamuliro wao. Pano napo pali kandalama kolowera.

Ulendo wonsewu, kucokera pa Findeco kufika pa Embassy Park, sukwana makilomita 5. Amai ambiri a kumudzi amayenda mtunda woposa umenewo kupita ku cigayo, mtolo uli pamutu.

TSIKU LACIWIRI: NYUMBA ZAZING'ONO NDI ZAZIKULU

Tsiku laciwiri limafuna minibasi, ndipo liyenera kuyambira pa nyumba zazing'ono.

Pa Burma Road pali Kabwata Cultural Village. Mlendo adzadabwa kupeza nyumba zozungulira zofolera ndi udzu pakati pa mzinda. Izi ndizo nyumba zimene boma la atsamunda linamangira anchito akuda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, cipinda cimodzi cokha, pakuti mkazi ndi ana anayenera kutsala kumudzi. Zinalipo mazana. Zambiri zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma 43 zinasiyidwa kuti zikhale mboni. Lero muli amisiri osema ziboliboli, oluka madengu ndi osoka. Munthu angayendemo ndi kuonerera mmisiri akugwira sompho popanda kukakamizidwa kugula.

Kupitirira pang'ono kuli Chilenje. Nyumba ya nambala 394 ndiyo imene a Kaunda anakhalamo ndi banja lao kuyambira January 1960 kufikira December 1962, masiku amene cipani ca UNIP cinali kulimbana ndi boma la citaganya, ndiponso nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961. Nyumbayi njaing'ono kuposa nyumba zambiri za aphunzitsi a kumudzi. M'katimo asungamo mipando ndi ziwiya za banjalo, ndipo panja pali galimoto ya Land Rover imene inali kuyenda pa nchito ya cipani. Munthu amene dzulo lake anaona manda a pa Embassy Park, akaima pa khomo la 394 amamvetsa kutalika kwa ulendo umene dziko linayenda.

Madzulo ndi nthawi ya Great East Road, mseu womwewo umene basi ya kum'mawa inalowera. Pa citunda ca Manda Hill pali Nyumba ya Malamulo, imene inatsegulidwa mu 1967. Akuti mudzi wa a Lusaaka unali pamalo pamenepa, ndipo dzina lakuti Manda silifuna womasulira kwa munthu wolankhula Cinyanja. Cipinda cokambiramo aphungu cinakutidwa ndi mkuwa, cuma ca dziko, ndipo cimaoneka bwino dzuwa likapendeka. Nzika iri ndi ufulu wopempha cilolezo cokhala m'malo a alendo ndi kumvetsera aphungu akukambirana, malinga itenge ciphaso cake, ivale mwaulemu ndi kutsata malangizo a alonda. Mlimi amene amaponya voti zaka zisanu ziri zonse ayenera kuona ndi maso ake kumene voti yake imakathera.

Pafupi pake pali Mulungushi International Conference Centre. Holo yoyamba inamangidwa mothamanga, m'miyezi yowerengeka, kuti ilandire msonkhano wa maiko osagwirizana ndi mbali iri yonse pa mkangano wa maiko amphamvu, umene unacitika mu September 1970. Kampani imene inamanga inali ya ku Yugoslavia. Mbali yatsopano, yochedwa ndi dzina la a Kaunda, inatsegulidwa mu 2022. Poyang'ana ziwirizi pamodzi, munthu amaona kusiyana kwa kamangidwe ka zaka zoposa 50 zapitazo ndi ka masiku ano a magalasi.

Kupitirira apo kuli Univeziti ya Zambia, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1966. Nyumba zake nza konkire wosapaka, zolumikizana ndi makonde, masitepe ndi timilatho, kotero kuti wophunzira amayenda mumthunzi kucoka m'kalasi kupita ku laibulale. Patsogolo pali maiwe ochedwa Goma Lakes, ndipo m'katimo muli cifanizo ca wophunzira womaliza maphunziro, cosemedwa ndi mmisiri wochuka Henry Tayali. Munthu wa kumudzi asayende mozemba pamalo amenewa. Pamene sukuluyi inali kumangidwa, anthu wamba m'dziko lonse anasonkha, ena ndalama, ena nkhuku, mbuzi ndi zokolola. Mdzukulu wa munthu amene anapereka nkhuku ali pa cake.

Wokhala ndi tsiku lacitatu apite kumpoto, ku Independence Stadium, kumene mbendera ya Zambia inakwezedwa koyamba pakati pa usiku wolowa pa 24 October 1964. Pambali pake pali manda a anthu 30 amene anafa pa ngozi ya ndeke ku nyanja ya ku Gabon mu April 1993, pakati pao osewera mpira a timu ya dziko. Bwalo latsopano la National Heroes Stadium, lotsegulidwa mu 2014, liri pomwepo.

KUSAMALA THUMBA

Ndalama za mlendo mu Lusaka zimathera pa zinthu zitatu: pogona, cakudya ndi mayendedwe.

Pogona potsika mtengo koposa ndi kwa wacibale, ndipo ndi mabanja ocepa a kum'mawa amene alibe munthu ku Mtendere, Kalingalinga, Chawama, Matero kapena Garden. Koma wacibale wa m'tauni amagula ciri conse, ngakhale madzi ndi makala. Cotero mlendo wanzeru amatumiza mau asananyamuke, amanena tsiku lobwerera, ndipo amanyamula ufa, nyemba, nshawa kapena nkhuku. Akulu anati mlendo ndi mame. Wopanda wacibale afunse za nyumba za alendo za machalichi, zimene kawirikawiri zimakhala zochipa ndi zodekha, ndipo aone cipinda asanapereke ndalama.

Za cakudya, nsima ya m'misika monga City Market ndi Soweto imakhutitsa pa mtengo wocepa kuposa nkhuku ndi chipisi za m'masitolo a magalasi. Kamba wa kunyumba, monga mbatata yophika ndi nshawa zokazinga, amapulumutsa ndalama ya masana. Koma pano pafunika kusamala. Mbali ina ya Lusaka inakhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi mphako, ndipo m'dzinja madzi a m'zimbudzi amasakanikirana ndi a m'zitsime zosazama. Kolera inavuta mzindawu mu 2017 ndi 2018, ndiponso kumayambiriro a 2024, pamene bwalo la Heroes linasandutsidwa cipatala. Mlendo adye cakudya cotentha, asambe m'manja ndi sopo, ndipo amwe madzi owiritsa kapena othira mankhwala.

Pa mayendedwe, minibasi ndiyo bwenzi la wosauka. Imanyamukira pa masiteshoni monga Kulima Tower, City Market ndi Millennium. Mtengo ufunsidwe asanakwere, ndipo ndi bwino kufunsa wokwera mnzake m'malo mwa anyamata oitanira. Ndalama zing'onozing'ono zikhale pafupi kuti cikwama conse cisaturutsidwe pagulu. M'mawa ndi madzulo misewu imadzaza, ngakhale kuti milatho yodutsa pamwamba inamangidwa ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, kotero kuti nthawi zina woyenda pansi amafika msanga kuposa wokwera. Munthu wa kum'mawa ali ndi mwai umene anzake a zigawo zina alibe, pakuti Cinyanja ndico cinenero ca m'misewu ndi m'misika ya Lusaka. Asacite manyazi kufunsa njira. Safunsa anadya phula.

MACENJEZO

Pamene pali khamu pali akuba. Pa siteshoni ndi m'misika, ndalama zisakhale pamalo amodzi. Zina zisungidwe m'foni, nambala yacinsinsi isauzidwe munthu, ndipo ndalama ya basi yobwerera ipatulidwe tsiku lofika lomwelo. Katundu asaperekedwe kwa munthu wosadziwika amene akuti athandize kunyamula. Wina akagwetsa mpukutu wa ndalama patsogolo pa mlendo nati tikagawane kuseri, umenewo ndi msampha wakale, ndipo yankho lake ndi kupitiriza ulendo.

Ciphaso ca NRC, cimene ambiri amacicha reji, cikhale m'thumba nthawi zonse, pakuti cingafunike pa zipata za boma ndi polipira mtengo wa nzika. Nyumba ya State House, imene inamangidwira bwanamkubwa wa atsamunda m'zaka za m'ma 1930, iri kumtunda kwa Independence Avenue, ndipo munthu amangoiona podutsa. Kujambula zithunzi pamenepo, pa misasa ya asilikali ndi pa malo ena a citetezo kungamuike munthu m'manja mwa apolisi. Pa nyumba iri yonse ya boma, kupempha kuyambe, foni iturutsidwe pambuyo.

Nthawi yabwino ya ulendo ndi kuyambira May kufikira August, pamene kulibe matope ndipo dzuwa silipweteka woyenda pansi. June ndi July kumazizira kwambiri m'mawa, cotero juzi isatsale. Kumayambiriro a August kumakhala cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds, ndipo mlimi angaphatikize ulendo wake ndi cimeneco.

CIFUKWA CAKE

Wina angafunse kuti kuyang'ana nyumba kumadyetsa yani. Sikudyetsa, koma kumatsegula maso. Mzinda ukusintha msanga. Nyumba zakale zikugwetsedwa, masitolo akulu akumera pamene panali mitengo, ndipo zina zimene zikuoneka lero mwina adzukulu sadzazipeza. Komanso nyumba zimenezi sizinagwe kumwamba. Zinamangidwa ndi mkuwa wa dziko, ndi misonkho, ndi manja a anthu ocokera ku midzi, ambiri a iwo a ku Chadiza, Lundazi, Katete ndi Petauke, amene anaumba njerwa ndi kusenza simenti, nagona m'nyumba zonga za ku Kabwata.

Mphunzitsi amene atenga ana a sukulu, gulu la alimi limene lisonkha pang'onopang'ono pambuyo pa kukolola, kapena kholo limene lipatula tsiku limodzi pa ulendo wa ku cipatala, onsewa angacite zimenezi popanda kugulitsa mbuzi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo basi ikadzatsika mapiri kulinga ku Luangwa, mlendoyo adzakhala ndi nkhani yoposa ya magalimoto ndi anthu yokasimbira ana pa moto.